Sutikesi ya Malemu Maynard

Loko wa sutikesi anakana kutseguka, ndiye Yoramu anachita kumukanula ndi mpeni. Chivundikiro chitangoti gaa, abale onse amene anakhala pamphasa anasuzumira nthawi imodzi, mitu yometedwa kumene ija n'kugundana.

Munali malaya awiri, buluku lothetheka m'maondo, tayi mmodzi ndi nsapato zakuda. Basi.

"Zina zili kuti?" anafunsa Yoramu.

Yoramu anali mkulu wake wa malemu Maynard, amene anaikidwa m'manda Lachitatu atangodwala masiku anayi okha. Tsikuli linali Loweruka, lometa ndi kugawa zovala, kuti mbale aliyense apite ndi kanthu kokumbukira. Mlongo wawo Esnath ananyamula nsapato zija n'kuzitembenuza.

"Izinso si zake izi. Maynard phazi lake linali ngati khasu."

Maso onse anapita kwa Lufina, mkazi wa malemu, amene anakhala pakona ndi mwana wake Tawina.

"Zovala zake ndi zomwezo, alamu," anatero Lufina. "Zinazo anapatsa anthu."

"Anthu ake ati?"

"Anandiuza kuti ndisamatchule."

Yoramu anaseka, koma osati kuseka kwa chimwemwe. "Jekete yabulauni ija ndinamugulira ku Joni, ya mabatani achitsulo, anapatsanso anthu? Juzi analuka Esnath ija? Alamu, ife si ana. Mwabisa, kapena mwagulitsa kale pamsika wa Lizulu."

Kunena zoona Yoramu ankamukonda mng'ono wakeyo, koma sanamumvetsepo. Munthu wanzeru zake kusiya uphunzitsi, ntchito ya malipiro mwezi ndi mwezi, ati Mulungu wamuitana kukatumikira achinyamata! Mpingo sunamulembe ntchito, bungwe la azungu analibe. Ukamufunsa kuti adya chiyani pakhomopo, ankangoti, "Mwini ntchito akudziwa." Chonyansa kwambiri kwa Yoramu chinali choti ankadyadi. Tsiku lina ankadzuka n'kupeza thumba la chimanga pakhonde, mwini wake osadziwika. Ndiye panalinso za munda. Chigawo chosalala cha munda wa makolo awo ku Biriwiri, nthaka yoti kachewere amabereka mpaka kung'amba mizere, Maynard anachisalaza n'kuzika magolo a bulugamu. Kwa zaka zisanu ndi zinayi Loweruka lililonse ana ankadzaza pamenepo, kumenya mpira, kuimba, kenako n'kukhala pansi kutsegula Baibulo.

"Ndanena," anatero Yoramu akutseka sutikesi. "Mkazi wobisa katundu mtumbira usanaume sangakhale pamudzi pathu. Mawa tikusudzulani mubwerere kwanu ku Sharpevale. Bwalo lija Lolemba ndikuligalauza."

"Amayi, ingowatchulani!" Tawina anagwedeza mkono wa mayi ake, misozi ili mbwembwe. "Atichotsa pakhomo chifukwa cha mabuluku?"

"Bambo ako anandidalira," anayankha Lufina motsitsa mawu. Ku Sharpevale analibe ngakhale kadimba, koma sanatchule dzina ngakhale limodzi.

Apo m'pamene anamva ng'oma.

Sinali ng'oma yeniyeni, chinali chigubu cha mafuta ophikira, koma womenyayo ankachidziwa. Nyimbo inkatsika kuchokera kumsewu, mawu a atsikana pamwamba, anyamata akuvomera pansi. Tawina anathamangira pazenera.

"Ndi a Loweruka! Amayi, abwera! Onse abwera!"

Anali ambiri, mwina makumi asanu ndi limodzi, ena m'maso muli motupa ndi kulira kwa Lachitatu, koma akuvina ndithu, fumbi lili koboo. Patsogolo panali Sellina, mtsikana wa Fomu 4 wa mawu ngati belu la sukulu, mpira uli m'khwapa.

Yoramu anatuluka atakwiya. "Kodi simukudziwa kuti pano pali maliro?"

Sellina anagwada. "Tikudziwa, bambo. Koma ankolo a Maynard ankati Loweruka silijombeka, kaya kugwe mvula kaya matalala. Ndiye tati tisayambe ndi ife kujomba."

Yoramu sanamve n'komwe yankholo. Maso ake anali kumbuyo kwa gululo, pa mnyamata wamtali wowonda amene ankamenya chigubu. Jekete yabulauni! Mabatani achitsulo akuwala padzuwa! Anapyola pakati pa anawo n'kumugwira pakhosi.

"Esnath, tabwera udzaone! Ndimanena ine! Iwe, jekete iyi anakugulitsa ndani?"

Mnyamatayo, Mfundo, amene ankagulitsa kabichi pa Lizulu akaweruka kusukulu, anagwetsa chigubu.

"Sindinagule, bambo. Anandipatsa ankolo."

"Bodza!"

"Zoona, bambo! Chaka chatha nthawi ya mayeso. Kunkazizira moti cholembera chinkandipulumuka m'manja. Anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundipatsa itakulungidwa m'jumbo, ati ndisauze munthu. Pamaliro ndinaisiya kunyumba, koma lero mphepo yandigonjetsa."

"Iwe Mfundo!" anakuwa Sellina atagwira m'chiuno. "Si unkatiuza kuti ndi ya pakaunjika?" Kenako anayang'ana juzi yobiriwira imene iye anavala, manja ake opinda kawiri, ndipo anayamba kuseka. "Mayo ine! Ndimayesatu ndine ndekha!"

"Juzi yanga!" anafuula Esnath. "Ndinaluka ine iyi, onani pamene ulusi unandithera ndinalumikiza ndi wakuda!"

Basi chinangokhala chipwirikiti. "Inenso buluku ili!" "Ine lamba uyu!" "Ine malaya oyera a ubatizo aja!" Mnyamata wina wamfupi anakweza mwendo kuonetsa nsapato zazikulu ngati mabwato, kutsogolo atatsendera nyuzipepala, anzake n'kugwa nazo pansi ndi phwete. Aliyense ankaloza mnzake, aliyense anali atasunga chinsinsi chake chaka chonse, ena zaka zitatu, akuganiza kuti wosauka yekha pagulupo ndi iyeyo. Ankaseka uku akupukuta misozi. Esnath anaiwala kuti ali pamaliro, anaimba nthungululu yaitali, kenako n'kudzigwira pakamwa.

Tawina anali atamunong'oneza kale Sellina zimene zinachitika m'nyumba. Sellina anasiya kuseka. Anavula juzi ija, anaipinda bwinobwino n'kuiika pakhonde pamapazi a Yoramu.

"Ngati mwambo ukufuna zovala, bambo, ndi izi. Koma amayi musawachotse. Sanabise kanthu."

Mfundo anavula jekete. Wamfupi uja anavula nsapato n'kuima pa masokosi obowoka. Mulu unakula pakhondepo, mphepo ya Juni ikuwomba kuchokera kumapiri a kumalire.

Yoramu anatola jekete yake ya ku Joni. Manja a jeketeyo anali atawamasula m'mphepete kuti atalike, n'kusokanso ndi ulusi woyera wa thumba la feteleza, msoko wokhotakhota ngati njira ya woledzera. Anauzindikira msokowo. Ndi mmene Maynard ankasokera mpira wawo wa nsanza ali ana, ndipo Yoramu ankamunyoza nawo tsiku lililonse. Manyazi anamugwira, chisoni n'kubwera pamwamba pake.

"Tabwera kuno iwe, wamtaliwe."

Anamuveka Mfundo jekete ija, n'kumukonza kolala. "Aliyense atenge chake. Fulumirani, mudwala nacho chifuwa apa." Kenako anatembenukira kwa Lufina, amene anali ataima pakhomo, ndipo anavula chipewa. "Alamu, ndalankhula zopusa pamaso pa anthu. Mundikhululukire. Ku Sharpevale muzikapita kokacheza."

"Nanga bwalo, bambo aakulu?" anafunsa Tawina, mwana wosachedwa kupezerapo mwayi.

Yoramu anayang'ana nthaka yabwino ija, anapuma mozama ngati munthu amene akutsanzikana ndi matumba makumi awiri a kachewere. "Mpirawo mukudikira ndani? Yambanitu!"

Mfuwu umene unamveka pamenepo unabalalitsa nkhuku za mudzi wonse. Sellina anaponya mpira m'mwamba, chigubu chinaliranso, Esnath anathamangira kukhitchini akukuwa kuti ana onsewa sangabwerere ndi njala, wina akakumbe kachewere msanga.

M'nyumba, kugawa kuja sikunatenge nthawi. Malaya anapita kwa asuweni awiri, buluku kwa malume awo, tayi anasungira Tawina. Yoramu, monga mkulu, zinamugwera nsapato zakuda zosamukwana zija. Anapisa dzanja m'kati kuti aone ngati zingatanuke, zala n'kukhudza kapepala. Kanali kong'ambidwa m'kope, zilembo zake za Maynard, zopendekera za mphunzitsi.

Za Silvester. Anzake asadziwe.

Anawerenga kawiri. Kenako anasendera pafupi ndi Lufina n'kufunsa monong'ona, "Silvester ndi uti?"

Lufina anayang'ana pazenera n'kuloza ndi mlomo. Pagolo la kumunsi panali mnyamata amene sanafuule nawo pa chipwirikiti chija, chifukwa analibe choonetsa. Ankadumphadumpha podikira mpira, kumapazi kulibe nsapato, zidendene zong'aluka ndi chisanu.

Yoramu anafunafuna jumbo yakuda, anakulunga nsapato zija n'kuzipanira m'khwapa, m'kati mwa malaya. Sanatulukire khomo lakumaso. Anadzera kumbuyo, n'kukaima kuseri kwa nyumba, kudikira kuti mpira upume.