Tepi Yakuda pa Zithunzi za Bambo

"Inu achimwene, mwatiphatikizira mkazi wa eni pa zithunzi zathu. Mukuyesa sitikuona?"

Telala wina wamkazi analankhula chala chitaloza kompyuta ya mwini kashopu kokonza zithunzi. Bambo ake atamwalira, iye anapeza bokosi la nsapato lodzaza timafilimu tija tokhala m'mafelemu a katoni, tomwe bamboyo ankawalitsa pakhoma ndi makina iye ali mwana. Chinyezi chinali chitayamba kutidya, ndiye anatibweretsa kuti tilowe mu kompyuta tisanatheretu. Lero anabwera ndi azakhali ake, omwe anamulera, kudzasankha zoti atsukitse.

"Achemwali, ntchito yanga ndi kupukuta fumbi, kubereka anthu sindinaphunzire," anatero mwini shopu. Anakoka kabati n'kutulutsa mbale yodzaza tizidutswa ta tepi yakuda. "Kafilimu kalikonse kanali komatidwa mbali imodzi. Tepi imanditsalira pagalasi la makina, ndiye ndinamatula. Mayiwa anali kunsi kwake."

Telala anakhala pampando osadziwa kuti wakhala. Zithunzizi ankazidziwa ngati chikhatho chake: iye kamwana, pambali pake mdima. Akafunsa, bambo ankati filimu inapsa. Za amayi ake anauzidwa kamodzi basi, kuti anathawa n'kumusiya mchombo usanagwe. Anakula akuwada, ndipo sankabisa.

"Pitirizani," anatero telala.

Chithunzi china chinabwera. Iye akukwawa pakhonde, mayiyo atatambasula manja. China, iye ataima pampando wa m'khitchini, mayiyo akumuluka tsitsi. Kenako china: iye mu yunifolomu ya sukulu yomukulira, mayiyo atagwada akumumanga zingwe za nsapato. Kumbuyo kwawo kunaima azakhali, akuseka, atanyamula chikwama cha mabuku.

Mwana wovala yunifolomu si wakhanda.

Pabenchi pomwe anakhala, azakhali anayamba kufufuza m'chikwama mwawo chinthu chomwe munalibe. "Tiye tizipita, mwanawe. Zakale zimangodwalitsa mutu."

"Kulitsani nkhope ya mayiyo," anatero telala.

Mwini shopu anayang'ana azakhali, anayang'ana telala, n'kukulitsa. Panaoneka mpata wa pakati pa mano, ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere. Chipsera chimenecho telala anachionapo, osati kale ayi. Tsiku loika maliro a bambo, mayi wina woonda anaima pageti akupempha kuti angolowa pang'ono. Azakhali anati ndi wamisala wa m'misewu, amatsata maliro chifukwa cha chakudya. Amene anakankha getilo mpaka kumupana zala anali iye mwini, telala, n'kumuuza kuti akapemphetse kwina. Mayiyo sanatukwane. Anangomuyang'ana, n'kumuitana ndi dzina lapakhomo lomwe ngakhale anzake salidziwa.

"Ine ndikaone kaye ngati kunja kuli makasitomala," anatero mwini shopu, koma telala anali ataima kale pakhomo, nsana utatsamira chitseko.

"Bambo ako anali ndi zifukwa zawo," azakhali ananong'ona. "Sitinena za omwe anagona."

"Omwe anagona asiyeni. Inu muli maso, ndipo pachithunzipo mulipo, mano onse pamtunda. Munandionerera ndikupana zala za mayi anga pageti, inu chilili." Anatenga mbale ya tepi ija n'kuwaikira pamiyendo. "Anachoka okha kapena munawachotsa? Nanga akukhala kuti? Ndiyankheni, azakhali. Pano simutuluka musanandiyankhe."