Tchipisi za Esitele

Luwiza ponyamuka kupita ku Mulanje kukadwazika mayi ake, m'nyumba anasiya muli chilichonse. Nyemba anasankhiratu n'kudzaza chitini, nsinjiro anasinja zokwanira, mfutso wa nkhwani anaupachika kukhitchini. Ali kale m'minibasi pa Kamwendo, anatulutsa mutu pawindo n'kuuzanso mwamuna wake, Austin.

"Bambo a Esitele, mwanayu asamapite kusukulu osamwa phala. Muzithiramo nsinjiro. Akakana musamumvere."

"Pitani bwino, mwanayu ndi wanganso," anatero Austin akuseka.

Munali m'chaka cha 2003. Austin ankaphunzitsa pa pulaimale ina kufupi ndi msika, ndipo Esitele, mwana wawo yekhayo, anali atangoyamba kumene Sitandade 1 pasukulu yomweyo. Masiku oyamba bamboyo anayesetsa ndithu. Koma makala ankakana kuyaka, phala linkatuluka lamibulu, nyemba zinkafika patebulo zikadali gwa. Akazi a aphunzitsi anzake ankasuzumira pampanda n'kumanong'onezana, iye manyazi n'kumugwira. Esitele naye ankangoyang'ana mbale n'kuyamba kulira kuti akufuna amayi ake.

Tsiku lina la msika, Austin anagwira mwanayo padzanja n'kulowa naye mu lesitilanti ya mayi Benedicta, pafupi ndi siteji ya akabaza. Munali matebulo apulasitiki, wailesi ikuimba, madalaivala a mathiraki opita ku Chipata akukangana za ndale. Mayiwo ankaphika mpunga, nyemba, nkhuku yalokolo ndi masamba otendera, koma panja panali chiwaya cha tchipisi, ndipo anali atayambitsa chimene ankachitcha mbale ya ana: tchipisi, kasoseji kofiira ndi chakumwa chotsekemera cha fizesi.

Esitele anadya mpaka kunyambita zala. Anaseka kwa nthawi yoyamba chichokere amayi ake, milomo itafiira ndi fizesi. Austin mtima unakhala pansi. Anadziuza kuti n'zalero lokha.

Mawa lake anabwereranso. Posakhalitsa chinasanduka chizolowezi: m'mawa mandasi ndi tiyi, masana mbale ya ana, madzulo tchipisi za m'jumbo. Kakabichi kamene ankaika pambali, Esitele ankakakankhira m'mbale ya bambo ake.

Tsiku lina mayi Benedicta anaima pafupi ndi tebulo lawo, akupukuta manja pachitenje.

"Aphunzitsi, mundikhululukire. Lero mwanayu bwanji timupatse nyemba ndi nkhwani? Tchipisi n'zabwino mwa apo ndi apo."

Esitele atangomva, anakwinya nkhope, misozi ili lengelenge. Madalaivala anacheuka. Austin anayankha mofulumira, "Mupatseni zomwe akufuna, mayi. Akusowa amayi ake."

Loweruka lililonse ankapita kokaimbira foni kuti alankhule ndi Luwiza pa nambala ya aneba a kumudzi. Mawu a mkaziyo ankamveka otopa, matenda a mayi ake sankasintha.

"Nanga Esitele akudya bwino?"

"Akudya kwabasi, m'mbale sasiyamo kanthu."

Silinali bodza lenileni, koma akaika foni pansi ankatuluka atazolika.

Zizindikiro ankaziona. Mwanayo anatuluka tizilonda m'mbali mwa kamwa, ankasinza m'kalasi, ndipo masewera a fulaye anasiya. Austin yemweyo ndi amene ankajambula pabolodi magulu a zakudya n'kumafunsa ana a eni ake kuti atchule zolimbitsa thupi ndi zoteteza ku matenda. Akamaliza ankapukuta choko m'manja, n'kumati mawa ndiyamba kuphika. Mawalo silinkafika.

M'mawa wina ana ali pamzere akuimba nyimbo ya fuko, Esitele anagwa pansi. Thupi linali moto. Austin anamunyamula n'kukwera naye kabaza mpaka kuchipatala. Namwino anamuyeza, kenako anatsitsa chikope cha mwanayo ndi chala. M'kati munali mbee.

"Ali ndi malungo, komanso magazi ndi ochepa kwambiri. Kunyumba umadya chiyani, mwanawe?"

Esitele anayankha ndi mawu ofooka koma monyadira, "Tchipisi ndi fizesi. Tsiku lililonse. Adadi amandigulira."

Namwinoyo sanakalipe. Anangoyang'ana Austin, amene anali ndi tayi pakhosi ndi choko pamalaya, n'kunena kuti, "Malungo amagwira aliyense, bambo. Koma awa apeza thupi lilibe podalira."

Esitele anamugoneka m'chipatalamo. Masana ake Austin anathamangira kunyumba kuti akaphikire mwanayo phala. Nsinjiro anazipeza zitachita chuku, nyemba zitafumbwa zonse. Anazitaya kudzala n'kukwirira ndi phulusa kuti aneba asaone, kenako anakapempha nsinjiro kwa mmodzi wa amayi aja ankamuseka. Mayiyo anamupatsa, n'kumuphikiranso phalalo osafunsa kanthu.

Mwana akadali m'chipatala, uthenga unafika woti apongozi ake a Austin, mayi a Luwiza aja, atisiya. Kumaliro Austin sanapite. Pafoni anangouza Luwiza kuti Esitele ali ndi malungo, zinazo anameza.

Luwiza anabwera patapita masabata angapo, ataonda, duku lakuda lili kumutu. Anakumbatira mwana wake n'kumuyang'ana nthawi yaitali, tsitsi, m'maso, timikono. Madzulo ake, ngakhale anali wotopa ndi ulendo, anaphika nyemba zogula pamsika ndi mpiru wotendera. Esitele anakankha mbale.

"Sindikufuna. Ndikufuna za kwa anti Benedicta."

"Idya, mwanangu, kuti upeze mphamvu."

"Ayi! Inu bwererani komwe munali. Kulibe inu timadya tchipisi tsiku lililonse, eti adadi?"

Luwiza anaika chipande pansi pang'onopang'ono. Anatuluka n'kukakhala pakhonde, ndipo Austin anamva akulira chapansipansi, monga amalirira munthu amene misozi anaimalizira kumanda. Anamutsatira n'kuima chapatali.

"Amayi a Esitele..."

"Ine ndimasambitsa mayi anga uku mtima uli m'malo, ndikuti mwana ali ndi bambo ake," anatero Luwiza osamuyang'ana. "Lero woipa ndine. Mukanangondiuza kuti zakukanikani, ndikanatumiza mng'ono wanga."

Austin anafuna kutchula za makala, za manyazi, za kulira kwa mwana, koma zonse zinamuonekera zazing'ono. Anabwerera m'nyumba, n'kukhala pansi pafupi ndi Esitele, mbale ija ili m'manja.

"Kwa anti Benedicta sitipitanso tsiku lililonse. Si amayi ako akuletsa, ndine. Ndinalakwitsa ndine."

Esitele analira mpaka kudzigwetsa pamkeka, akumenya mwendo wa bambo ake ndi tizibakera. Austin sanasunthe. Anadikira mpaka kulirako kutatha, ndiwo zitazizira. Mwanayo anadya pang'ono chabe, akusisima, nkhope atalozetsa kukhoma.

Panatenga miyezi kuti Esitele abwerere m'thupi mwake ndi kuyambanso kuthamanga ndi anzake. Luwiza nkhaniyo sanaitchulenso. Koma kuchipatala kokayezetsa magazi ankapita naye yekha mwanayo, ndipo Austin akati awaperekeze, ankangomuyankha mwaulemu kuti, "Khalani, tipita tokha."