A Fraser ndi Buleki Yakutsogolo

Nkhani iyi anandiuza ndi a Elifasi, Loweruka pa 14 Febuluwale 1959, titakhala pakhonde la sitolo ku Raffingora, iwo akudikira thumba la makalata a pa pulazi pawo. Ndalemba momwe anayankhulira.

Ine ndinagwira zaka zisanu ndi zinayi m'mabalani owotchera fodya, kusonkhezera moto. Chaka chatha chifuwa chinandigwira, kutsokomola kosaleka, moti akazi anga a Lestina ananena poyera kuti ndikalowanso m'balani nyengo ina, iwo ayambiretu kusoka nsalu yakuda. Ntchito ina pa pulazi panalibe. Ndiye bwana anagula galimoto, n'kulengeza kuti mthuthuthu wake wakale, umene anzathu achishona amati mudhudhudhu, aupereka kwa munthu mmodzi woti azikatenga makalata ndi mankhwala a ng'ombe kuno ku Raffingora. Ntchito ya mphepo yokhayokha, yopanda utsi. Tinaifuna awiri, ine ndi a Fraser, mlamu wake wa foromani.

A Fraser anali mphunzitsi wamkulu wa njinga pa komboni pathu. Anali ndi yakapalasa kuchokera nthawi ya nkhondo, ndipo anagwa nayo kambirimbiri, choncho panalibe chimene sankadziwa. Lamulo lawo linali limodzi: buleki yakutsogolo ndi manda. Njinga yatsopano ikafika pa komboni, tsiku lomwelo a Fraser ankaichotsa chitsulo cha buleki yakutsogolo, ngati kudula mwana mchombo. Tonse tinkaima ndi yakumbuyo, ikakana tinkakwekweretsa mapazi pansi. Chitsulo cha njinga yanga a Lestina ankatakasira makala.

Bwana anatipatsa sabata imodzi kuti tiphunzire kwa a Joze, oyendetsa thirakitala, munthu wa ku Tete wosakonda kuyankhula. A Fraser anabwera tsiku limodzi. Ataphunzira kuliza injini ndi kulowetsa giya, anapukuta m'manja n'kutsanzika.

"Nanga kuima, achimwene?" anafunsa a Joze.

"Iwe Joze, ine ndinayamba kuima iwe ukuyamwa."

Ine ndinatsala, poti ndine mbuli. A Joze anandiuza kuti ndikankhe mthuthuthu uja ndi manja, kenako ndigwire buleki ya kudzanja, yomwe ndi yakutsogolo. Mutu wa mthuthuthu unawerama.

"Mwaona? Ichi chimalemera ngati thole. Mukafuna kuima, kulemera konse kumathamangira kutsogolo, ndiye tayala logwira pansi kwenikweni ndi lakutsogolo. Lakumbuyo limapepuka, mukaliponda mwaukali limangotsetsereka. Muyambe mwatseka moto. Phazi pang'ono, dzanja pang'onopang'ono, ngati mukukama ng'ombe, osati ngati mwagwira wakuba. Muchite izi njinga ili chilili, musanafike pokhota. Pamchenga muchepetse mphamvu zonse ziwiri. Tayala likayamba kukwekwereka, masulani, mugwirenso. Ndipo maso akhale kumene mukufuna kupita, osati pa chimene mukuopa."

Aka kanali koyamba kumva a Joze akunena mawu ochuluka chonchi. Sabata yonse ndinangokhalira kuima, kunyamuka, kuima, a Fraser akundiseka pamthunzi.

Mayeso anali Lachiwiri, tsiku lomiza ng'ombe m'dibi. Msewu wochokera ku mabalani umatsika chitunda, m'munsi mwake muli mchenga wokokoloka ndi mvula, ndipo umakhota pafupi ndi dibi pomwepo. Bwana anati adzajambula mzere m'munsimo, woima asanaudutse ndiye watenga ntchito.

M'mawa mwake ndinalowa m'shedi, n'kupeza a Fraser atagwada, sipanala m'manja, akumasula waya wa buleki yakutsogolo.

"Ndikukupulumutsani, a Elifasi," anatero. "Muli ndi ana. Joze akufuna kukuphani ndi nzeru za ku Tete."

Ndinene zoona. Ndinkadziwa kuti oyamba kukwera ndi iwo, poti mlamu wa foromani sakhala kumbuyo kwa wosonkhezera moto. Ndinati zikomo kwambiri, n'kutuluka.

Anthu anadzaza ku dibi, ena kusiya ntchito. A Fraser anavala jekete ya ku tchalitchi ndi tayi. Anatsika chitunda chija ngati akuthawa ngozi, n'kupeza mpata wokweza dzanja kupereka moni kwa amayi. Atawona mzere anaponda buleki yakumbuyo ndi mphamvu zonse za makolo awo. Tayala linauma, mchenga unauluka, matako a mthuthuthu anayamba kuvina uku ndi uku. Apo katswiri wathu anakumbukira maphunziro ake akale. Anatsitsa mapazi onse awiri kuti akwekweretse pansi. Koma phazi limodzi ndi lomwe linali pa buleki imodzi yokha imene anaisiya yamoyo.

Mzere anaudutsa osaupatsa ndi moni womwe. Maso anali tong'o pa dibi, ndiye njinga inamvera maso. Pa chipata cha dibi inagwa cham'mbali n'kukhala pomwepo, yanzeru. A Fraser anapitiriza ulendo okha, mpaka phava! pakati pa ng'ombe ziwiri.

"Maiwe!" anakuwa amayi.

Abusa anawavuula ndi ndodo yangowe imene amakwezera mitu ya ana a ng'ombe. Mankhwala a m'dibi ndi poizoni weniweni, koma mwayi wawo anali atatseka pakamwa, koyamba chibadwire. Anawavula jekete n'kuwathira madzi ndowa zisanu ndi imodzi, tayi ili m'khosi.

Foromani anathamangira kwa bwana. "Mthuthuthuwu ndi woipa, bwana. Mlamu wanga ndi katswiri, aliyense akudziwa."

Bwana anatukwana m'chilapalapa chake, chiyankhulo chosakaniza chimene azungu amalamulira nacho antchito, n'kunena kuti ankadziwa kale kuti anthu a pa komboni sangayendetse makina, mthuthuthu ukatsekeredwe m'shedi, makalata azikatenga yekha. Ndinamva utsi wa m'balani ukundilowa m'mphuno ndili panja.

"Bwana," ndinatero, "njinga ilibe mlandu. Waya wa buleki yakutsogolo ndi womasula."

A Joze anafinya chogwirira chija, chinangofika ku handulo pululu, chopanda mphamvu.

"Wadziwa bwanji iwe?" anafunsa bwana.

"Ndinawaona a Fraser akumasula m'mawa."

"N'kukhala chete?"

"Anati akundipulumutsa, bwana. Munthu akamakupulumutsa sumusokoneza."

Ena anaseka. A Joze sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo kuyang'ana kumeneko kunandiwawa kuposa chifuwa. Kenako anatulutsa sipanala m'thumba, kumanga waya, kuwongola handulo, n'kundikankhira mthuthuthu. Bwana anayang'ana wotchi, n'kuti ndiyese kamodzi kokha.

A Lestina anandigwira malaya. "Bambo a Keziya, musakwere. Bola chifuwa, chimapha pang'onopang'ono, munthu amakonzeka."

"Mayi, mukaona ndalowa m'dibi, jekete musandivule, ndilibe."

Ndinakwera chitunda, ndinatembenuka. Kuchokera pamwamba dibi limaoneka ngati pakamwa pa chinthu chanjala. Ndinatsika, mphepo ikulira m'makutu. Pa mtengo wa muwanga, msewu ukadali wouma ndi wowongoka, ndinatseka moto. Phazi pang'ono. Kenako dzanja, lija a Fraser ankati ndi manda. Zala zinkakana, zaka zisanu ndi zinayi za maphunziro a pa komboni si masewera, koma ndinakama ng'ombe ija pang'onopang'ono. Mutu wa njinga unawerama, liwiro linatha ngati madzi olowa mumchenga. Nditalowa pa mchenga weniweniwo ndinamva tayala lakumbuyo likuyamba kukwekwereka. Ndinamasula, ndinagwiranso mofewa. Dibi linkandiitana, koma maso ndinawaika pa nsapato za bwana, pamene panali mzere.

Ndinaima patatsala mapazi atatu. Ndipamene ndinatsitsa phazi pansi.

Palibe anaimba nthungululu, anthu anakhumudwa ndithu, poti ankadikira wachiwiri. Bwana anangoti, "Lolemba upita ku positi," n'kulowa m'galimoto mwake. Foromani sandipatsa moni mpaka lero. A Fraser akuphunzitsabe pa komboni kuti chinawagwetsa ndi mchenga, ndipo akanakhala ndi buleki yakutsogolo bwenzi atafa. Amanenanso kuti chichokereni tsiku lija nkhupakupa siinawalumepo, ndipo apo sindingawatsutse.

Ine nditachoka pa dibi paja ndinapita kunyumba, ndinatenga sopo wa a Lestina n'kukawapatsa a Fraser, poti m'mawa muja ndikanatha kutsegula pakamwa. Anaulandira ngati mphatso ya wophunzira kwa mphunzitsi wake. Nditabwerera ndinasolola chitsulo cha buleki chija pamoto, ndinachiwongola ndi mwala, n'kuchibwezera pa njinga yanga yakapalasa. Kenako ndinapita kukawasemera a Lestina kamtengo kotakasira makala.