Mzere Wachikasu wa a Pataliko

Mu shopu ya zitsulo ija munali mzere wachikasu wozungulira makina amodzi okha. Anaujambula ndi a Pataliko, ndi penti yawo, ndi bulashi yawo, atagwada, ndipo anthu ankati kuwaona atagwada kunali koyamba ndi komaliza tsiku limenelo. Dzina lawo lenileni linatsalira kunyumba. Kuntchito ankatchedwa ndi mawu amene ankatuluka pakamwa pawo munthu akangoyandikira mzerewo: "Pataliko!"

Makinawo anali opalira zitsulo kuti zisalale ndi kulingana. Pamwamba pali mwala wozungulira, pansi pake pali tebulo la maginito. Umaikapo chitsulo, n'kukhotetsa mpini, chitsulocho n'kukakamira ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Ukatero dzanja lamanzere limayendetsa tebulo uku ndi uku, lamanja likulisunthira m'kati pang'onopang'ono, mwala ukunyambita, madzi oyera ngati mkaka akutsika m'paipi kuti chitsulo chisatenthe. A Pataliko ankati ena onse mu shopumo ndi odula ndi omata chabe. Wopima anali mmodzi, ndipo sankavutika kumutchula.

Wosesa ankasesa kulekeza pamzere n'kubwerera. Ngakhale Mayi, mwini shopu, mkazi wa malemu mng'ono wawo wa a Pataliko, anapondapo kamodzi ali ndi mlendo wofuna kuona makina.

"Alamu, pataliko pang'ono," anatero a Pataliko. Kamawu koti "pang'ono" kanali ka ulemu.

Mayi anabweza phazi, n'kusunga mawuwo mumtima monga momwe munthu amasungira singano.

Ndiye kunabwera nkhani ya mipeni. Inali mipeni italiitali ya makina odulira mapepala, ndipo mwini wake anaibweza kawiri, akuti uku yanenepa, uku yaonda. Ulendo wachiwiriwo Mayi anaiyala pabenchi, anthu onse akuona.

"Alamu, chapindika n'chiyani? Tebulo kapena maso?"

"Tebulo," anatero a Pataliko.

"Ndiye liwongoleni. Likawongoka, zitsulo n'kumatulukabe zopendama, kuchipinda cha zipangizo kukufunika munthu wopereka masipanala."

Chipinda cha zipangizo chinalibe windo, koma kabowo kotulutsira dzanja basi. A Pataliko anadziona ali m'menemo, akupatsira wowotcherera zitsulo sipanala, wowotchererayo akuti, "Osati iyi, madala, inayo." Usiku umenewo anadya pang'ono.

Tebulo la maginito limawongoledwa ndi mwala wa makina ake omwe. Vuto linali lakuti ili linali litapalidwa kambirimbiri. M'mbali mwake munali kamzere kamene opanga anadinda kusonyeza polekezera, ndipo pamwamba pa kamzereko panatsala nyama yopyapyala ngati khungu la anyezi. Kupala kamodzi kunali kotheka. Kachiwiri ayi. Latsopano linali loitanitsa kunja, loti pofika mwana wobadwa lero ali wokwawa.

M'mawa a Pataliko anavala ovolosi yochapa. Anayatsa makina n'kuwasiya aziyenda opanda kanthu kuti afunde. Anasalaza mwala ndi kansonga ka dayamondi kamene ankasunga m'thumba la pachifuwa. Kenako anatenga cholembera chofiira n'kukhwatchakhwatcha tebulo lonse, kuti aziona pamene mwala wadya ndi pamene sunadye. Anakhotetsa mpini wa maginito, chifukwa tebulo liyenera kupalidwa lili momwe limakhalira pogwira ntchito. Pofika apa shopu yonse inali itaimika zochita, anthu atandanda kunja kwa mzere, ndipo a Pataliko anaona kuti kungakhale kuwamana akapanda kuwaphunzitsako.

"Malamulo ndi awiri," anatero. "Loyamba, madzi asaleke. Tebulo likatentha limafufuma, mwala umalikumba, likazizira pamatsala dzenje. Lachiwiri, ukayamba suima. Ukaima pakati, makina amazizira, pamatsala sitepe, ndiye kuti uyambirenso. Ife tilibe poyambiranso."

"Nanga mukafuna kukadzithandiza, madala?" anafunsa wowotcherera, magalasi ake akuda ali pamphumi.

"Mmisiri amapita asanayambe."

"Mwapita?"

"Pataliko!"

Anatsitsa mwala mpaka unangopsompsona chitsulo. Kunamveka kaphokoso konga ka munthu wosesa pamchenga. Dzanja lamanzere linayamba ulendo wake, uku, uko, uku, uko. Ulendo woyamba inki inafufutika m'makona mokha. Wachiwiri inachoka m'mbali monse, n'kutsala pakati chigamba chofiira chachikulu ngati chikhatho.

"Mwachiona chigwacho?" anatero a Pataliko osacheuka. "Ena amati ndi maso."

Mayi anali chilili pakhomo la ofesi, manja atapinda. "Malizani kaye, alamu," anatero.

Anasalazanso mwala, n'kusuzumira kamzere ka m'mbali kaja. Panatsala pongokwanira ulendo umodzi. Anatsitsa mwala kakang'onong'ono, koti diso silingaone, n'kuyamba kumphepete kwa kutsogolo. Zinkayenda bwino. Chitsulo chinkatuluka kuseri kwa mwala chili mbuu, chosalala, timizere ta mkuwa ta patebulopo tikunyezimira. Chigamba chofiira chinayamba kudyeka.

Ali pakati penipeni, paipi inatsokomola.

Inatsokomolanso. Madzi aja, amene ankatsika onenepa ngati chala, anaonda kukhala ngati ulusi, ulusiwo n'kuduka, n'kusanduka madontho. Kuseri kwa makina pampu inayamba kulira mawu ena, a chinthu chimene chikuyamwa matope.

A Pataliko anadziwa pomwepo. Thanki ya madziwo inali kumbuyo kwa makina, m'kati mwa mzere. M'kati mwa mzere munkalowa munthu mmodzi yekha, ndipo msana wa munthuyo unali wolemekezeka kwambiri moti sunkawerama kukapala matope. Ankangothira madzi ena pamwamba. Fumbi la chitsulo la zaka zonsezo linali litasankha lero.

Manja onse awiri anali otanganidwa. Lamanzere likaima, mwala upsereza pamene waimapo. Akatulutsa tebulo n'kuzimitsa, ndiye sitepe. Anapitiriza. Uku, uko. Madzi otsalira patebulo anayamba kuuma m'mbuyo mwa mwala.

"Madzi atha, madala," anatero wowotcherera.

"Ndikuona."

"Timangokuuzani. Ife tili kutali kuno."

Palibe anaseka. Timoto timene poyamba sitinkaoneka n'komwe tinayamba kuthetheka, tofiira, kenako toyera. Phokoso la mwala linakwera, linasiya kusesa n'kuyamba kulira. Kunamveka fungo la chitsulo chotentha. Thukuta linatsika pamphumi pa a Pataliko n'kulowa m'diso, iwo opanda dzanja lolipukutira. Anayang'ana cham'mbali. Nsapato zonse za mu shopumo zinali zitandanda, nsonga zake zitagunda penti yachikasu, ndipo panalibe ngakhale imodzi yodutsa. Anawaphunzitsa bwino anthu awo. Zaka zonsezi sanadziwe kuti anali mphunzitsi wabwino chotere.

Mayi anachoka pakhomo paja. Anabwerako ndi ketulo ya mu ofesi, ya mlomo wautali, anaimiza m'mgolo wa madzi oziziritsira osakaniza kale umene unali pakhoma, n'kudza nayo ikudontha. Anafika pamzere. Anaima.

A Pataliko anayembekeza. Akanangolowa okha Mayiwo, mawa akanati, "Alamu aja analowa ndi mantha, ine ndinali nditatsala pang'ono kukonza." Koma Mayi anangoti njo, ketulo ili m'manja, nkhope ili ngati ya munthu wodikira basi.

"Alamu," anatero a Pataliko, maso ali pamwala.

"Ndili pano. Pataliko pang'ono."

Uku, uko. Kuseri kwa mwala kunayamba kuoneka kamthunzi kofiirira ngati udzu wouma. Chitsulo chikayamba mtundu umenewo ndiye kuti chikupempha. Ukachedwa chimada, ndipo chikada ndiye chapita.

"Madzi akhoza kudutsa mzere," anatero a Pataliko.

"Ketulo ilibe miyendo, alamu."

M'mutu mwawo munabwera kabowo ka chipinda cha zipangizo, ndi dzanja lawo likutulukirapo.

"Lowani."

"Mwati bwanji? Makinawa akusokosera."

"Lowani, alamu! Chonde, lowani!"

Mayi anadutsa mzere mosathamanga, n'kupendeketsa ketulo. Madzi atagwera pachitsulo kunamveka kuti tsiii, nthunzi n'kukwera kumaso kwa onse awiri.

"Osati pamwamba pa mwala! Kutsogolo kwake, pamene ukudya. Eya, pomwepo. Musathire ngati mukusambitsa mwana, ochepa koma osaleka."

"Mukulamulabe?"

"Ndikupempha. Mawu anga ndi omwewa."

Timoto tinazima. Mwala unabwerera ku kaphokoso kake kosesa. Koma ketulo si thanki, ndipo posakhalitsa Mayi anali kuiimika chadodolido.

"Ikutha," anatero.

Wowotcherera anali kale pamzere ndi ndowa yodzaza. "Nanenso, madala? Kapena ndiiponye?"

"Lowa!"

"Nsapato zangatu n'zakuda."

"Lowa, iwe! Lowani nonse!"

Analowadi onse, ena opanda n'chochita chomwe, kungofuna kuti adzanene kuti analowako. Wowotcherera ankathira m'ketulo, Mayi akuthira patebulo, wosesa akuthamanga ndi ndowa kupita kumgolo. Madzi anamwazikira pamalaya a Mayi, ena n'kuyenderera pansi. Wina anaponda phazi la a Pataliko, iwo maso ali pamwala basi. Phewa lamanzere linkayaka, koma dzanja silinaphonye. Chigamba chofiira chinachepa kukhala ngati chala, kenako ngati njere, kenako mwala unatulukira kumphepete kwa kumbuyo n'kumazungulira pamphepo.

"Musaleke," anatero a Pataliko. Anabweza tebulo ulendo wina osatsitsa mwala, kuti ungonyambita zotsalira. Kamthunzi kofiirira kaja kanachoka. Anazimitsa makina.

Tebulo linkawala, koma kuwala si kulingana, ndipo aliyense ankadziwa kuti mlandu sunathe. Poyesa, umaika tizitsulo tisanu, tinayi m'makona, kamodzi pakati, n'kutipala limodzi, kenako n'kutipima. Tikafanana, tebulo lawongoka ndipo mmisiri ali bwino. Tikasiyana, ndiye masipanala.

A Pataliko anatambasula dzanja kuti atenge tizitsulo tawo.

"Mupala ndi ketulo yanga?" anafunsa Mayi. "Anthu sanamwe tiyi."

Motero a Pataliko anagwada kachiwiri m'mbiri ya shopuyo. Anavundukula thanki, n'kuyamba kukolopola matope akuda, olemera, onunkha, ndi chitini. Pansi penipeni chitinicho chinagunda kanthu. Inali sipanala yaing'ono imene inasowa chaka chatha, imene a Pataliko ananena pamaso pa anthu kuti ikudziwika kumene inapita, akuyang'ana wowotcherera.

"Haa," anatero wowotchererayo. "Ndiye kuti ndinaibisa m'kati mwa mzere. Ndine wolimba mtima."

A Pataliko anaipukuta n'kuiika pabenchi mosamala kwambiri, ngati kuti imeneyo ndiyo inali ntchito ya tsikulo.

Dzuwa litapendeka, pampu inali ikutulutsa madzi onenepa. Tizitsulo tinapalidwa. A Pataliko anatenga chopimira chawo m'bokosi lake la nsalu yofewa, anapima koyamba, n'kukumbukira kuti maso awo ndiwo anali pamlandu. Anapimanso. Kenako anachita chimene sanachitepo: anapereka chopimiracho kwa Mayi.

Mayi anaphunzira kupima kwa malemu amuna awo, ndipo sankafulumira. Anapukuta kachitsulo koyamba pamalaya awo onyowa aja, anazunguliza chopimira mpaka chinalira, anawerenga, n'kukaika pambali. Kachiwiri chimodzimodzi. Pa kachitatu anakwinya nkhope, n'kuunikira kuwindo. Mayi anauzira kachitsuloko, kafumbi kanauluka, anapimanso, n'kukaika pamodzi ndi tinzake. Kachinayi. Kachisanu, ka pakati pa chigwa paja, anakapima kawiri.

"Linali tebulo," anatero Mayi. "Maso anu alipo, alamu. Mipeni ija muyambe mawa."

A Pataliko anakweza mapewa n'kukonza kolala ya ovolosi, imene tsopano inali ya matope. "Ndinanena ine," anatero, koma motsitsa, moti amene anamva ndi wosesa yekha.

M'mawa mwake anthu anawapeza atagwadanso, kachitatu, akubwezeretsa penti pamene nsapato zinafufuta. Mzere unatuluka wowala kuposa kale. Koma kumbuyo, moyang'anana ndi thanki, anasiyapo mpata wokwana munthu wonyamula ndowa.

Wowotcherera anaima n'kuuyang'ana mpatawo. "Apa mwaiwala, madala."

"Penti yatha."

Wowotcherera anasuzumira m'chitini. Munali penti yokwana kuzunguliza shopu yonse. Anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo Mayi anatulukira ndi mipeni ija m'manja, analowera pampata paja osafunsa, n'kuiika pambali pa makina.

A Pataliko anawayang'ana. Milomo yawo inasonkhana yokha, mwachizolowezi, kukonzekera mawu aja. Shopu yonse inatchera khutu.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anatero.