Madzi Amene Anabwera Dzuwa Likuswa Mtengo

Kwa masiku atatu mpoto wotentha unali kuwomba pamudzi wa El Vado, m'munsi mwa mapiri a ku Córdoba. Unali mwezi wa Januwale. Zovala sizinkauma pachingwe, buledi ankachita nkhungu tsiku limodzi lokha, ndipo anthu ankangokangana pa zinthu zosadziwika mutu wake.

Eleuterio Bazán analibe nazo ntchito za mphepo. Mwana wake wamkazi anali atabwerera pakhomo ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo chipinda chimene ankamumangira chinali chitafika pamawindo pamene mchenga unatha. Mchenga wabwino, wopanda dothi, unkapezeka pampata pomwe mtsinje umapanikizika pakati pa matanthwe awiri ataliatali. Ngolo ndi nyulu zinali za mlamu wake, Casimiro Oviedo, munthu wofatsa amene anakwatira Nélida, mlongo wake wa Eleuterio.

Lachinayi m'mawa, awiriwa akudutsa ndi ngolo, anaimitsidwa ndi Mayi Zulema Altamirano. Mayiwa anaphunzitsa pasukulu ya m'mudzimo zaka makumi atatu, ndipo atapuma ntchito ankayeza mvula pabwalo pawo n'kumatumiza kwa a zanyengo.

"Mafosholowo akupita kuti?" anafunsa, akupatsa Casimiro chikho cha tiyi wa yerba.

"Kumpata, aphunzitsi," anayankha Eleuterio. "Maulendo awiri basi."

"Lero ayi, ana anga. Dikirani mpotowu uleke."

Eleuterio analoza kumwamba. "Mtambo uli kuti? Ngakhale kamodzi kongonamizira?"

"Mtambo sunabadwe, koma mimba yake ndi mphepo imene yakunyowetsa malayayi," anatero Mayi Zulema. Anatola kamtengo n'kujambula mzere wautali pansi. "Awa ndi mapiri a Andes. Mphepo imachokera kunyanja yaikulu, n'kudutsa pankhalango zakumpoto, kumene imamwa chinyezi mpaka kukhuta. Ikafika pa Andes imalephera kuwoloka, ndiye imakhota n'kumathamanga m'mbali mwake kubwera kuno kumwera, ngati madzi mumfuleni. Ndi imeneyi. Pamwamba pake pamakhala mpweya wouma, wotsika ku Andes komweko, umene umaivundikira ngati mphika. Masiku atatu mphikawu ukuwira."

"Ndiye uziwira," anatero Eleuterio.

"Uziwira mpaka masana. Mphepoyi ikagunda mapiri athuwa imakakamizika kukwera. Ikakwera imazizira, imaboola chivundikiro chija, ndipo mtambo umakula nthawi yochepa kuposa yowotchera nyama. Mvula imagwa pamwamba penipeni, pamiyala yosamwa madzi. Onsewo amalowa mumtsinje umodzi. Kunoko mwina sikugwa ngakhale dontho."

Eleuterio anaseka. "Aphunzitsi, mapu anu omwewa munandibwerezetsa nawo kalasi kawiri. Mukufuna kachitatu? Ine ndabadwira pamtsinjewu. Umandidziwa."

"Mtsinje sudziwa munthu, Eleuterio. Ngati mwatsimikiza kupita, mverani izi. Madzi akasintha mtundu, mukaona thovu ndi tizinyalala, kapena mukamva mpweya wozizira ukutsika mumpata, siyani chilichonse. Mukwere thanthwe. Osathawira kumunsi, madzi amathamanga kuposa inu."

Ngolo itayenda pang'ono, Casimiro anakoka zingwe. "Alamu, bwanji tipite Loweruka? Mayi aja sayankhula zopanda pake."

"Loweruka mwana akhala atabadwira pakhonde," anayankha Eleuterio. "Kodi alamu, thalauza mwasiyira mlongo wanga? Nkhalamba yajambula pansi ndi kamtengo, inu mawondo ayamba kale kuwombana?"

Casimiro anaseka mwamanyazi n'kumenya nyulu ndi chingwe.

Ulendo woyamba unayenda bwino. Madzi anali ofika m'kakolo, oyera moti tinsomba tinkaoneka. Anatsitsa mchenga kunyumba, nadya buledi ndi tchizi cha mbuzi, n'kubwerera dzuwa litapendeka pang'ono. Ali m'njira, Casimiro anaona mtambo woyera utatundumuka pamwamba pa mapiri, mutu wake utaphwatalala.

"Alamu, taonani uko. Tibwerere."

"Uli kutali umenewo. Ugwetsere mbuzi za kumtunda."

Mumpata munali phee. Matanthwe ankabisa mapiri, ndipo kachigawo ka thambo kamene kankaoneka kanali kopanda banga. Anaimika ngolo pakachilumba ka mchenga pakati pa mtsinje n'kuyamba kupakira. Kutali kunkamveka kugunda kwa mabingu, koma pansipansi, ngati munthu akusuntha mipando m'nyumba ya eni.

Ngolo itatsala pang'ono kudzaza, Casimiro anaima. Madzi anali atasanduka ofiirira. Masamba obiriwira, othothoka kumene, ankadutsa limodzi ndi thovu. Kenaka kamphepo kozizira kanamuwomba pamsana ponyowa ndi thukuta.

"Alamu, zija ananena zija ndi izi. Tiyeni."

Eleuterio nayenso anaona. Koma anayang'ana ngolo, n'kuyang'ana dzuwa. "Mafosholo khumi okha. Tisapite ndi ngolo yanjala."

Anaponya asanu ndi limodzi. Kenaka anamva mkokomo, ngati malole ambiri akutsika phiri nthawi imodzi. Casimiro anakuwira nyulu, nyuluyo inakoka, koma mateyala anali atatitimira mumchenga umene tsopano unali utalowa madzi. Ngolo sinasunthe.

"Isiyeni!" anakuwa Eleuterio, akuthamangira kuthanthwe.

"Ndingoimasula!" anayankha Casimiro, akusolola mpeni. Nyuluyo anaigula ili yaing'ono, ndipo ndi imene inkadyetsa banja lake.

Eleuterio anakwera chokwawa, zikhadabo zikuthyoka pamwala. Atatembenuka, anaona madziwo akutulukira pakona. Sanali ngati madzi. Chinali chikhoma chakuda, chachitali kuposa munthu, chodzaza ndi mitengo yathunthu ndi miyala. Casimiro anali atadula chingwe chimodzi, ali pachachiwiri. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana mlamu wake. Sanakuwe. Kenaka panalibe ngolo, panalibe nyulu, panalibe munthu.

Eleuterio anakhala pathanthwepo maola awiri, akuitana dzina la mlamu wake mpaka mawu anatha. Dzuwa linkamuwotcha pamutu. Ku El Vado tsikulo sikunagwe mvula.

Ozimitsa moto ndi amuna a m'mudzi anasaka Casimiro masiku atatu, akubaya matope ndi nsungwi. Anamupeza Lamulungu, makilomita khumi ndi anayi kumunsi, atakodwa m'mizu ya mtengo. Anamuzindikira ndi lamba wake.

Pamaliro anthu ankanong'onezana. Ena ankati mtsinje unakwiya, ena ankati linali tsiku lake. Mayi Zulema atamva, anaimirira.

"Ndikupempha, tisanamizane pamaso pa malemuwa. Kumtunda kunagwa mvula ya mwezi wathunthu m'maola awiri. Si mkwiyo, si tsoka losadziwika. Mpoto ukawomba masiku angapo, mapiri awa adzachitanso zomwezi, chaka chino kapena chamawa. Ana anu amasambira pampata pomwepo. Auzeni."

Eleuterio anali ataima kumbuyo, chipewa chili m'manja, zala zake zili zomangamanga ndi nsalu.

Anthu atabalalika, Nélida anamuitana kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la nyulu. Chiyambire Lachinayi anali asanamuyankhule. Maso ake anali ouma.

"Achimwene, ndikufunsani chinthu chimodzi, ndipo musandinamize. Mwamuna wanga ndimamudziwa. Sanali munthu wolimbana ndi madzi. Kodi sananene kuti mubwerere?"

Eleuterio anayang'ana pansi. Akanatha kukana. Panalibe wina amene anamva.

"Ananena, achemwali."

"Kangati?"

"Katatu."

"Inu munati chiyani?"

Eleuterio anatsegula pakamwa, koma mawu aja a thalauza anamukanika kutuluka. Anagwada pafumbi n'kuyamba kulira ngati mwana. Nélida anamuyang'ana nthawi yaitali, osamugwira, osamutukwana.

"Dzukani," anatero pomaliza. "Ana ake ali m'nyumbamu, akufunsa chifukwa chake bambo awo anapita kumtsinje. Ine sindiwayankha. Mukawauze ndinu."

Eleuterio anadzuka, anapukuta mawondo, n'kulowa m'nyumbamo.

Phunziro: Mvula imene imapha anthu a m'munsi mwa phiri nthawi zambiri ndi imene sanaione ikugwa. Phiri limakweza mphepo yachinyezi n'kubala mtambo pamwamba pake, ndipo madzi ake amafika kuchigwa dzuwa likuwala. Mukaona mtambo pamwamba pa phiri, kapena madzi a mumtsinje akasintha mtundu, tulukani msanga n'kukwera pamtunda, katundu atsale. Ndipo mnzanu akanena kuti akuopa, musamuseke. Mwina ndi iye amene waona bwino.