Ng'ombe za Thora Sizikwera Boti

Mmawa umene Thora Drever anagwa m'khola, mwendo wakumanzere utangomuthawa, mwamuna wake Erlend anamupeza atakhala pandowe, akutukwana ngati msodzi.

"Basi, Thora, tigulitse ng'ombezi," anatero Erlend akumudzutsa. "Tsiku lina zidzakuponda."

"Ukagulitse ndevu zakozo. Ng'ombe za bambo anga sizikwera boti ine ndili moyo."

Thora anali ndi matenda a MS, amene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira mwini wake n'kumawononga mitsempha ya muubongo ndi mumsana. Kuno kuzilumba za Orkney matendawa si achilendo, aliyense ali ndi msuweni kapena mnzake amene akudwala. Ine ndimakhala pafamu yoyandikana ndi yawo, ndipo ndikuuzeni kuti tili ndi matenda enanso, apakamwa. Munthu wakuno, ngakhale mphepo itasasula denga, ukamufunsa amangoti, "Aa, palibe vuto kwenikweni." Kudandaula timakuona ngati chinthu chochititsa manyazi.

Erlend anapeza pafoni chipatala china chakunja, n'kumuonetsa mkazi wake. Pazithunzi anthu ankataya ndodo zoyendera akumwetulira. Eni ake ankati jekeseni wa maselo oyambira, aja amene amabala maselo ena m'thupi, amachiza MS kotheratu, bola wodwala ayambe wasiya mankhwala ake. Thora sanachedwe. Anapita kukliniki kukauza namwino Inga Mouat, amene anaphunzira naye kupulayimale, kuti mankhwala akusiya.

"Usayerekeze," anatero Inga. "Maselowo awatenga kuti? Zithunzi za ubongo wako aziona? Ukadwala utabwerako, adzakuyang'anira ndani?"

"Ndiye ndingokhala n'kumadikira njinga ya olumala?"

"Ayi. Chithandizo chenicheni cha maselo chilipo, koma si jekeseni wa tsiku limodzi. Amatenga maselo ako omwe, aja amene amapanga magazi. Kenako amazimitsa chitetezo chako ndi mankhwala amphamvu ngati a khansa, n'kukubwezera maselowo kuti chitetezo chimere chatsopano. N'zoopsa, ndipo sizibweza zimene zinawonongeka kale. Koma kwa ena amene matenda akuwabwererabwerera ngakhale akumwa mankhwala, zimaimitsa matendawo."

Thora anamenya patebulo. "Nanga bwanji simunandiuzepo?"

"Chifukwa iwe sunatiuzepo kanthu, mtsikana iwe! Adokotala a mitsempha akakufunsa umati palibe vuto kwenikweni. Tsiku lojambulitsa ubongo unalizemba, unati ng'ombe zikubereka. Iwo akuganiza kuti mankhwala akugwira ntchito. Chaka chatha kumsika wa ng'ombe ndinakuona utatsinzina diso limodzi."

"Inali mphepo."

"Mphepo! Nanga dzanja lija linkagwetsa kapu kutchalitchi, nayonso mphepo?"

Thora anayang'ana pansi. "Ndikanena, mundikhazika pawindo kumaluka masokosi."

"Kukhala cheteko n'kumene kudzakukhazike pawindopo."

Thora anatuluka atakwiya, ndipo ine sindinadabwe. Koma mkwiyo wake sunapite pachabe. Mankhwala sanasiye, ndipo kuchipatala chakunja kuja sanapiteko. Tsiku loonana ndi adokotala anamukoka Erlend kuti akakhale mboni. Adokotala atangofunsa kuti akupeza bwanji, iye anayankha, "Zoipa, adokotala, ndipo mukhale bwinobwino chifukwa nkhani ndi yaitali." Ananena za diso, za dzanja, za dzanzi la m'miyendo, za kugwa m'khola, ngakhale za mkodzo umene nthawi zina sunkamudikira. Erlend anandiuza kuti zina mwa izo ankazimva koyamba, ndipo misozi inamulengeza.

Atamujambula, ubongo unaonetsa zilonda zatsopano. Madokotala anakambirana, anamuyeza mtima ndi mapapo, n'kumufotokozera zoopsa zonse mosabisa. Si onse amene amavomerezedwa, koma Thora anavomerezedwa, ndipo anasaina.

Kuchipatala chachikulu chakumtunda, atamupatsa mankhwala amphamvu aja, tsitsi linathothoka. Anasanza, anaonda, anakhala milungu m'chipinda chayekha. Atabwerako madokotala anamuletsa kulowa m'khola kwa miyezi, kuopa tizilombo ta matenda. Izi n'zimene zinamupweteka kuposa singano zonse. Ife oyandikana nawo tinkasinthana kudyetsa ng'ombe, iye akutilalatira pafoni.

"Udzu umenewo ukupatsa ng'ombe kapena kalulu? Onjezera!"

Chaka chitatha anamujambulanso, ndipo chilonda chatsopano panalibe. Mwendo unali wolemerabe, ndipo ndodo yake yoyendera sanaitaye. Koma nyengo yozizira itatha, tsiku lotulutsa ng'ombe kukadya msipu zitakhala m'khola nyengo yonseyo, amene anatsegula chipata anali Thora. Ng'ombe zinatuluka zikudumphadumpha, iye akutsimphina pambuyo pake mpaka kumapeto kwa munda. Erlend anafuna kumugwira mkono.

"Choka apa," anatero Thora. "Pita ukatseke chipata, bambo wogulitsa ng'ombe za eni."

Tsono mverani, inu amene muli ndi MS ndi inu amene mukusamalira wodwala. Musasiye mankhwala chifukwa cha zithunzi zapafoni, ndipo wolonjeza kuchiza kotheratu mumukayikire. Za maselo oyambira funsani namwino kapena dokotala wanu wa mitsempha. Koposa zonse, chizindikiro chilichonse chatsopano chineneni, ngakhale chochititsa manyazi. Dokotala sangalimbane ndi matenda amene inu mukuwabisa.