Nkhoswe ndi Magitala Awiri

Amalume a Vainess, dokotala wa ku Oakville, analankhula mosapita m'mbali: nkhani ya ukwati sakambirana ndi mnyamata, abwere ndi nkhoswe. Nanga ku Canada mu 1976 nkhoswe ungaitole kuti? Jailosi anaganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo wamkulu yekhayo amene anamupeza anali a Medson a ku Brampton, ogwira ntchito ku famase yogulitsa mankhwala. Akakana iwo, Vainess wapita.

Loweruka masana ananyamuka ku Oshawa, tsitsi lili yangayanga, buluku lotambalala kumiyendo, zinthu zimene kwawo ku Malawi akanamumeta nazo pabwalo la ndege pomwepo. Poti kwa akulu sapita chimanjamanja, ananyamula chimbale cha mzungu wa ku London, katswiri wa gitala ya rock amene iye ankamukonda ngati mbale wake.

A Medson anachitembenuza chimbalecho, nkuchiika pambali ngati mankhwala otha ntchito.

"Khalani pansi, achimwene, mumve gitala."

Anaika chawo, cha mkulu wina wa blues wa ku Chicago. Jailosi anakhala pamphepete pa mpando, manja pamaondo, kudikira kuti amufunse chimene wadzera. Mlendo sayamba yekha kumasula thumba. Koma funsolo silinabwere.

"Mwamva? Akukoka nsambo imodzi yokha, kenako chete. Wanuyo zala zimangothamanga ngati akuthawa agalu."

"Eee, zoona bambo."

"Ndipo akapanda magetsi ambiri, palibe chimene angapuleye."

"Zoonadi bambo."

Mumtima Jailosi ankapsa. Chimbale chinatha, china chinalowa, tiyi amene mayi Hilda, akazi awo a Medson, anabweretsa anazizira m'kapu. Munthu wofuna mkazi amameza zambiri, koma tsikulo Jailosi anameza mpaka kukhosi kuwawa. A Medson nawonso nkhope inayamba kugwa, ngati munthu amene akusewera bawo ndi mnzake wongogona.

"Kunena zoona," anatero mkuluyo mofooka, "mzungu wanuyo alibe mtima. Ndi makina osokera."

Apa ndiye chingwe chinaduka. Jailosi anaimirira.

"Ayi bambo, pamenepo mwalakwa! Munamumvapo akuslowa? Gitala imalira ngati mwana wotayika pamsika! Wanuyo nota imodzi chaka chonse, mwina zinazo sazidziwa!"

Atatha kulankhula anazindikira kuti waloza chala munthu wamkulu, m'nyumba mwake momwe. Manyazi ndi mantha zinamugwira pamodzi. Anaona Vainess akutsanzika, ukwati wathera pa nsambo za gitala.

A Medson anamuyang'ana. Kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Hilda! Tabwera udzaone, m'nyumba muno mwalowa munthu!"

Anatenga chimbale cha Jailosi chija, nachiika okha pagalamafoni. Anamvetsera maso ali chitsinzire, phazi likugunda pansi mobisa.

"Phokoso," anatero. "Koma apa pokha wayesetsa. Anabera kwa wanga."

"Bambo, ine kwenikweni ndinadzera..."

"Tikudziwa," anadula mayi Hilda ali pakhomo la kukhitchini. "Vainess anandifonera Lachiwiri. Suti yawo ndinasita kale, ili pachitseko."

Jailosi anatembenukira kwa a Medson.

"Nanga bwanji simunanene, bambo?"

"Ndikananena mukanathokoza nkumapita," anayankha a Medson. "Kwa adokotala tikapita mawa tikaweruka ku tchalitchi. Kumeneko tikaimba blues, ine mawu amodziamodzi, inu chete. Mukayamba rock yanu ija ndikakusiyani panja pa chisanu cha sinoo. Tsitsilo mupesenso."

Anachepetsa mawu a galamafoni, ndipo kuseka kuja kunatha pankhope pawo.

"Chichokereni kumudzi, aliyense wondiyendera amangoti eee bambo, zoona bambo. Munthu wokangana naye m'Chichewa ndinamusowa kuposa ndiwo zakwathu. Khalani pansi. Mwati wanga sadziwa chiyani?"